Kugula mohair pakhomo pa owomba: malonda ofuna mtima wodekha ndi ndalama yolipiriratu

Msewu waukulu wochoka ku Maseru kulowera kumpoto ukatha makilomita pafupifupi 40 umafika pa Teyateyaneng, tauni imene eni dera amangoidula kuti TY. Ndi likulu la boma la Berea m'dziko la Lesotho. Wongodutsa pabasi saonapo chachilendo: magolosale, pokwerera matakisi, abambo ofunda mabulangete ngakhale dzuwa lili paliwombo. Koma aliyense wofunafuna nsalu za mohair zowombedwa pamanja kum'mwera kuno kwa Africa amalimva msanga dzina la tauniyi. Kumeneku ndiye kuli Setsoto Design, Hatooa Mose Mosali, Helang Basali ndi Elelloang Basali, magulu a amayi amene ntchito yawo ndi kupota ubweya wa mbuzi n'kuwombera nsalu. Nyumba ya gulu lomalizali sisowa, chifukwa makoma ake anamangidwa ndi zitini za zakumwa.

M'nyumba zimenezi mulibe phokoso la makina. Muli zowombera zamatabwa zoimirira, zina zazitali kuposa munthu, ndipo pa chilichonse akungapo ulusi wa thonje wotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kuseri kwa ulusiwo amapachikako pepala lojambulapo chithunzi. Mayi amakhala pabenchi n'kumalowetsa mohair wamitundumitundu ndi zala, mzere pamwamba pa unzake, akusuzumira pepala lija kuti asaphonye pamene pakuthera mtundu wina n'kuyambira wina. Tsiku likamatha nsalu imakhala itakwera masentimita ochepa chabe. Pang'onopang'ono pamatuluka nyumba zozungulira za kumapiri, okwera pamahatchi, chisoti chosongoka cha mokorotlo chimene chilinso pambendera ya dzikolo, kapena nyama zotengera pa zojambula zakale za m'mapanga. Nsalu yaikulu yopachika pakhoma imatha milungu ingapo, ina miyezi.

Kwa zaka zambiri katunduyu ankafika kwa ogula kudzera m'manja mwa ena: mashopu a alendo ku Maseru, ku Clarens, ku Cape Town ndi m'mahotela. Lero foni yasintha zinthu. Mwini shopu wa ku Johannesburg kapena ku Berlin atha kulankhula ndi gulu la amayi pa WhatsApp, kuona zithunzi za nsalu ikadali pachowombera, n'kuoda pompo. Ambiri amatero ndi mtima wabwino, pofuna kuti ndalama ifike kwa amene anakhetsa thukuta. Palibe angatsutse cholinga chotere. Komabe wamalonda wapakati uja, kaya ankawadyera amayiwa masuku pamutu kaya ayi, panali ntchito imene ankagwira. Ankalipiriratu, ankadikira, ankayang'ana katundu ngati ali bwino, ankanyamula, ankalimbana ndi a kasitomu pachipata, ndipo nsalu ikakhala pashelefu chaka chathunthu, ndalama yogonayo inali yake. Womulambalala amasenza yekha zonsezi, ndipo ambiri amadzazindikira ataoda kale.

Nkhani ya nsaluzi imayambira pa mbuzi. Mohair ndi ubweya wa mbuzi za mtundu wa Angora, zimene kwawo kwenikweni ndi ku Turkey, m'dera lozungulira mzinda wa Ankara. Kwa zaka mazana ambiri mafumu a Ottoman ankaziumira mbuzizi kuti zisatuluke m'dziko mwawo. Mu 1838 msilikali wina wa ku Britain, John Henderson, anakwanitsa kubweretsa ku South Africa atonde 12 ndi mbuzi yaikazi imodzi. Mbiri imene alimi a kumeneko amakonda kusimba imati atonde onsewo anali atawachita zoti asabereke asanakwere sitima, kungoti yaikaziyo inali ndi bere, ndipo panjira inaswa kamwana kamphongo. Pambuyo pake kunabweranso mbuzi zina zambiri, mpaka mtunduwo unakhazikika m'dera louma la Karoo, kumene zitsamba zake ndi nyengo yake zinagwirizana nazo.

Masiku ano pafupifupi theka la mohair wa padziko lonse amachokera ku South Africa, makamaka m'chigawo cha Eastern Cape, kuzungulira matauni monga Jansenville, Willowmore ndi Graaff-Reinet. Si wambiri. Dziko lonse lapansi silifika matani 5,000 pachaka, pamene ubweya wa nkhosa umawerengedwa m'matani okwana miliyoni. Ku Texas, kumene kale kunali mbuzi zochuluka zedi, ulimiwu unalowa pansi boma la America litachotsa ndalama zothandizira alimi ake m'zaka za m'ma 1990. Kuchepa kumeneku, pamodzi ndi kunyezimira kwa ubweyawo, kupepuka kwake ndi momwe umamwera utoto, ndiye kumachititsa kuti mtengo wake ukhale wokwera.

Lesotho ndi yachiwiri pa ulimi wa mohair. Koma kawetedwe kake n'kosiyana kwambiri ndi ka ku Karoo. Mlimi wa ku Karoo ali ndi famu yampanda, amasankha atonde abwino, amameta kawiri pachaka, ndipo mbuzi imodzi imamupatsa makilogalamu atatu kapena anayi. Ku Lesotho mbuzi ndi za mabanja wamba, khumi apa makumi atatu apo, ndipo zimadya m'mabusa a onse m'mapiri. Dzikoli ndi lokwera moti malo ake otsikitsitsa ali pa mamita 1,400, ndipo nyengo yachisanu chipale chofewa chimagwa. Abusa ake, ambiri achinyamata, amakhala miyezi m'timakumbi tamiyala kutali ndi mudzi, akulimbana ndi kuzizira, nkhandwe ndi akuba ziweto. Kumeta kumachitika kamodzi pachaka, ndipo mbuzi imodzi imatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi basi. Mbuzi yongometedwa kumene ikagwidwa ndi mvula yozizira itha kufa usiku womwewo.

Pometapo pali zomwe wogula nsalu saona. Alimi amakusa ziweto kupita nazo ku mashedi ometera, omwe alipo oposa 100 m'dziko lonselo, ambiri oyendetsedwa mogwirizana ndi bungwe la alimi la Lesotho National Wool and Mohair Growers Association. Kumeneko ubweya amausankha magiredi, kuuyeza pasikelo, kuudinda m'mabelo. Kenako mabelowo amatsika mapiri pamalole, ulendo wa ku Gqeberha, mzinda wa m'mbali mwa nyanja umene mpaka 2021 unkatchedwa Port Elizabeth. Uko ndiye kuli okushoni yaikulu ya mohair, ndipo mtengo wotuluka kumeneko ndiwo amayendera ogula a dziko lonse. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu amene anayamba watumiza mabelo ku Kanengo n'kumadikira kumva kuti agula bwanji sangavutike kumvetsa mtima wa mlimi wa ku Mokhotlong ku Lesotho nthawi imeneyi.

Ubweya wambiri ukagulidwa amauchapa ndi kuupesa m'mafakitale a ku Eastern Cape komweko, kenako umakwera sitima kupita ku Italy, ku China ndi kwina kumene amakapangira majuzi ndi masuti odula. Ku Lesotho kumatsala kochepa. N'chifukwa chake mayi wowomba sikafu yofewa ku Lesotho nthawi zina amagula ulusi wopota kale ku South Africa, ulusi umene mwina ubweya wake unachokera m'phiri lomwe akulionalo, n'kuyenda makilomita mazanamazana kupita ndi kubwera, mtengo ukukwera pa sitepe iliyonse. Owomba nsalu zapakhoma ndi makapeti, omwe amafuna ulusi wokhuthala, kawirikawiri amagula ubweya wosachapa kwa alimi kapena kwa amalonda a m'deralo n'kudzipotera okha.

Mu 2018 boma la Lesotho, pansi pa nduna yaikulu Thomas Thabane, linayesa kudula ulendo wa ku Port Elizabeth ndi lamulo. Linaletsa alimi kutumiza ubweya kunja kudzera m'makampani a ku South Africa monga BKB, imene inali itagwira nawo ntchito zaka zoposa 40, n'kulamula kuti ubweya wonse uzigulitsidwira pa malo amodzi ku Thaba Bosiu, oyendetsedwa ndi kampani ya wamalonda wina wochokera ku China. Pakamwa zinkamveka bwino: chuma chikhale pakhomo. Zotsatira zake zinali zowawa. Alimi ambiri anakhala miyezi osalandira kanthu, ndipo mu Juni 2019 zikwi za iwo, atafunda mabulangete awo, anaguba kupita ku nyumba ya malamulo ku Maseru. Chakacho chisanathe boma linafewetsa lamulolo. Aliyense woganiza kuti kuchotsa wapakati ndi nkhani yongolemba papepala ayenera kuiwerenga bwino mbiri imeneyi. Alimi aja sankaguba chifukwa chokonda BKB. Ankaguba chifukwa amene analowa m'malo mwake sanathe kulipira pa nthawi yake.

Phunziro lomwelo limagwira pa malonda aang'ono a munthu mmodzi woitanitsa masikafu 30. Gulu la amayi lilibe mpamba wosungira ubweya wa chaka chonse. Oda ikabwera ndiye pamene amayamba kufunafuna ubweya, utoto, sopo ndi nkhuni kapena gasi wotenthetsera madzi. Wogula amene amati adzalipira katundu akafika ndiye kuti akupempha amayi osauka kuti amukongoze. Malamulo a bungwe la World Fair Trade Organization amanena poyera kuti opanga zamanja akapempha, wogula azilipiriratu theka la mtengo popanda chiwongoladzanja, ndipo ogula okhazikika ambiri amachita chomwecho: theka poyamba, theka katundu akatha. Ndalama yoyambayo si mphatso. Ndi imene imagula ubweya.

Ntchito yotsatira pamenepo ndi yaitali kuposa momwe ambiri amaganizira. Ubweya wochokera kubusa umabwera ndi mafuta, fumbi, minga ndi njere za udzu. Amayamba kuutola ndi manja, kuchotsanso tsitsi lina loyera lolimba limene silimwa utoto. Kenako kuuchapa m'madzi ofunda mosapikicha, chifukwa ukapikichidwa umagwirana n'kuwonongeka. Kuuyanika. Kuupesa ndi mabulashi awiri amawaya mpaka utalunjika mbali imodzi. Kuupota pa gudumu lopalasa ndi phazi. Kuunyika mu utoto m'mapoto akuluakulu, n'kuuyanikanso. Chowombera chisanakhudzidwe n'komwe, milungu yapita. Mwezi wa Juni kapena Julayi, pamene madzi amachita kuuma m'ndowa m'mawa, kuchapa ndi kuyanika kumachedwa koposa. Pakagwa maliro m'mudzi ntchito imaima, ngati kwina kulikonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wofuna katundu wa Khirisimasi ayenera kuoda chisanu chisanathe, osati mu Novembala.

Palinso nkhani ya mitundu. Utoto wa m'poto sutuluka chimodzimodzi kawiri. Buluu wa mwezi uno adzasiyana pang'ono ndi buluu wa mwezi wamawa, ndipo chithunzi cha pafoni chimanama kutengera kuwala kwa chipinda. Ogula odziwa amatumiza kansalu kapena kaulusi ka mtundu womwe akufunawo, amapempha kuti ulusi wa oda yonse unyikidwe nthawi imodzi, ndipo amayamba ndi chinthu chimodzi chachitsanzo asanaitanitse makumi. Muyezo nawo amalemba m'masentimita, n'kugwirizaniratu kuti kusiyana kwa masentimita angati n'kovomerezeka. Kapeti yowombedwa pamanja siingakhale yolunjika ngati yodula makina. Wofuna m'mphepete mowongoka ngati rula, fakitale ya Hinterveld ku Kariega imapanga mabulangete okongola a mohair pamakina, ndipo palibe cholakwika kugula kumeneko, bola osawatcha apamanja.

Luso limeneli ku Lesotho linakula pamodzi ndi mbiri ya migodi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 amuna ambiri anali ku Joni, m'migodi yomweyo imene Amalawi ankapitako pa Wenela, ndipo kumudzi kunatsala amayi oyembekezera ndalama yobwera mwa apo ndi apo. Mamishoni ndi mabungwe othandiza anayambitsa malo ophunzitsira kupota ndi kuwomba kuti amayiwo azipeza yawoyawo. Ku Hlotse, chakumpoto kwa TY, kuli Leribe Craft Centre, imene mizu yake ili mu ntchito ya masisitere a mpingo wa Anglican. Imadziwika ndi masikafu, mashawelo ndi maponcho ofewa, komanso ndi kulemba ntchito amayi olumala, kuphatikizapo osamva. Malo ngati amenewa ali ndi ofesi, buku la maakaunti ndi munthu woyankha makalata. Magulu ena ang'onoang'ono alibe. Oda yonse imadalira foni ya mayi mmodzi, ndipo ikasowa mayunitsi kapena ikagwa m'madzi, wogula wa kutali amayamba kuganiza kuti amubera, pamene nsalu yake ikukwera bwinobwino pachowombera.

Pa mtengo ndiye pamene mtima wabwino umayesedwa. Shopu ya mumzinda imakonda kuwirikiza kawiri mtengo woodera, mwina kuposa, kuti ilipire lendi, antchito ndi katundu wosagulidwa. Wogula amene wafika yekha pakhomo pa owomba amaona mtengo wotsika kwambiri kuposa wa ku Cape Town, ndipo chodabwitsa n'chakuti ena amayambanso kunenerera. Mayi amene sanagulitse kanthu mwezi wathunthu, mwana akufuna fizi, amavomera. Pamenepo kugula pakhomo kwasanduka njira yopezera zotchipa basi, ndipo wowombayo walandira zochepa kuposa zimene venda akanamupatsa. Njira yachilungamo ndi yosavuta kuwerengera: kufunsa kuti nsaluyi yatenga masiku angati ndi anthu angati, kuchotsapo mtengo wa ubweya ndi utoto, n'kuona ngati chotsalacho chikufika pa malipiro a tsiku ovomerezeka m'dzikolo. Nthawi zambiri wowerengera moona mtima amapeza kuti mtengo woyamba uja unali kale wotsika.

Chitsanzo cha malonda okhalitsa chili ku Eswatini. Mu 1949 mayi wina, Coral Stephens, anayambitsa malo owombera nsalu ku Piggs Peak, kumpoto kwa dzikolo, kumene amuna ake ankagwira ntchito ya nkhalango. Anayamba ndi makatani a m'nyumba mwake. Alendo atawaona anayamba kuitanitsa awo, ndipo mpaka lero malowo akuwombabe makatani, makapeti ndi mabulangete a mohair, ntchito yopesa ndi kupota ikugwiridwa ndi amayi a m'midzi yozungulira. Mwana wake, Marguerite Stephens, anatsegula malo ake owombera nsalu zapakhoma kufupi ndi Diepsloot, kumpoto kwa Johannesburg. Kuyambira 2001 amayi a pamalopo akhala akuwomba zithunzi za katswiri wojambula William Kentridge, ndi ulusi wopotedwa ndi kunyikidwa ku Eswatini. Nsalu zimenezi zinaonetsedwa ku Philadelphia Museum of Art mu 2007, ndipo zina ndi zazikulu moti amayi angapo amakhala pa chowombera chimodzi miyezi. Chimene chasunga ntchitoyi si oda imodzi yaikulu. Ndi wogula amene amabweranso chaka ndi chaka, moti wopota wa kumudzi amadziwa kuti chaka chamawa kudzafunikanso ulusi.

Ku Karoo nakonso kuli owomba pamanja. M'tauni yaing'ono ya Prince Albert muli Karoo Looms, komanso malo a Frances van Hasselt, wochokera m'banja loweta mbuzi za Angora, amene makapeti ake amafika m'mashopu a kunja. Kumeneku famu ndi chowombera zili pafupi, ndipo wogula atha kuuzidwa dera limene ubweya wachokera.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wagula mohair weniweni? M'misika ya alendo mwadzaza masikafu aubweyaubweya a akiliki ochokera m'mafakitale a kutali, ena atamatidwa kapepala kolembedwa mohair. Palinso ubweya wotchedwa angora umene ndi wa akalulu, osati wa mbuzi. Kuyesa kwachikale kumagwirabe ntchito: kuzula kaulusi kumphonje n'kukayatsa. Mohair amanunkha ngati tsitsi lopsa, sachedwa kuzima, ndipo amasiya phulusa lofumbutuka pakati pa zala. Akiliki amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Kusakaniza pakokha si chinyengo. Ulusi wofewa wa masikafu nthawi zambiri umakhala ndi nayiloni, silika kapena ubweya wa nkhosa pang'ono woulimbitsa, ndipo nsalu zapakhoma zimakhala ndi thonje m'kati. Chofunika n'chakuti wogulitsa anene zoona, ndipo wogula amene akukagulitsanso alembe zoonazo pakapepala, chifukwa ku Ulaya ndi ku America lamulo limafuna kuti chovala chilichonse chilembedwe zomwe zili m'kati mwake.

Ambiri amasokonezekanso ndi bulangete lotchuka la Abasotho, lija la Seanamarena lokhala ndi chithunzi cha chimanga, limene linadziwika padziko lonse litaoneka mu filimu ya Black Panther mu 2018. N'lokongola, n'lolemekezeka pa miyambo, koma si la mohair ndipo si lapamanja. Limapangidwa pamakina ku fakitale ya Aranda ku Randfontein, ku South Africa.

Msinkhu wa mbuzi nawo umasintha zonse. Ubweya wa kamwana ka mbuzi, wometedwa koyamba ndi kachiwiri, ndi wopyapyala, wosafika mamaikuloni 30 kunenepa kwake, ndipo ndiwo woyenera kukhudza khosi. Mbuzi ikamakula ubweya umakhuthala n'kulimba, ndipo umenewo ndiwo wa makapeti, makatani ndi nsalu zokutira mipando. Sikafu yoyabwa si umboni woti ndi yabodza. Mwina yangowombedwa ndi ubweya wa mbuzi yaikulu. Wooda ayenera kutchula giredi yomwe akufuna, n'kukonzeka kulipira kusiyana kwake, kumene si kochepa.

Chaka cha 2018 chinabweretsanso vuto lina. Bungwe lomenyera ufulu wa nyama la PETA linatulutsa kanema woonetsa nkhanza pometa mbuzi m'mafamu ena a ku South Africa, ndipo makampani akuluakulu a zovala monga H&M, Zara ndi Gap analengeza kuti asiya mohair. Poyankha, bungwe la Textile Exchange, mogwirizana ndi Mohair South Africa, linakhazikitsa mu 2020 ndondomeko ya Responsible Mohair Standard, yoyendera mafamu ndi kupereka satifiketi pa kasamalidwe ka ziweto, nthaka ndi antchito. Mafamu ambiri a ku Karoo analowamo msanga. Kwa mlimi wa mbuzi 20 zodya m'busa la onse pamwamba pa phiri, kapena kwa gulu la amayi khumi, kulipira oyendera ndi kusunga mapepala onse ofunika ndi chikwanje chovuta kunola. Choncho katundu wa opanga aang'ono nthawi zambiri alibe chidindo chimenechi, ngakhale mbuzi zake zitasamalidwa bwino. Wogula pakhomo amatsala ndi njira imodzi: kufunsa, ndipo ngati n'kotheka kukaona yekha pashedi nthawi yometa. Kulemba pa intaneti kuti katundu wake n'ngopanda nkhanza asanaonepo mbuzi ngakhale imodzi ndi bodza lokometsera malonda.

Katundu akatha pamatsala kumutulutsa. Lesotho yazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, ndipo zonse zimadutsa pa zipata monga Maseru Bridge kapena mlatho wa pakati pa Maputsoe ndi Ficksburg. Kwa wogula wa ku South Africa zinthu n'zopepuka: maiko awiriwa, pamodzi ndi Eswatini, Botswana ndi Namibia, ali mu mgwirizano umodzi wa kasitomu wa SACU, ndipo loti ya ku Lesotho ndi lilangeni ya ku Eswatini zimalingana mphamvu ndi randi. Wa ku Ulaya amathandizidwa ndi pangano la zamalonda la 2016 la pakati pa European Union ndi maiko ena a SADC, limene limalola katundu wa ku Lesotho ndi ku Eswatini kulowa opanda msonkho, bola mapepala osonyeza kochokera katunduyo akhale olondola. Mapepalawo gulu la kumudzi silingawadziwe lokha. Kapeti ndi yolemera, ndipo mtengo wotumizira pa ndege utha kuyandikira mtengo wa kapetiyo. Iyeneranso kuuma gwa isanakulungidwe, n'kutetezedwa ku njenjete, zimene zimadya mohair monga zimadyera ubweya wina uliwonse.

Ku America zinthu zinasokonekera mu 2025. Mu Epulo, Pulezidenti Donald Trump analengeza msonkho wa 50 peresenti pa katundu wa ku Lesotho, wokwera kuposa wa maiko ena onse pa mndandanda wa tsikulo. Patapita miyezi unatsitsidwa kufika pa 15 peresenti, koma maoda ambiri anali ataimitsidwa kale. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chomwecho America inathetsanso mwayi woti timaphukusi ta mtengo wosapitirira madola 800 tizilowa topanda msonkho, mwayi umene ogulitsa zamanja pa intaneti ankadalira kwambiri. Kampani yaikulu ili ndi maloya owerenga malamulo otere. Mwini shopu yaing'ono amene wasankha kuchita yekha ayenera kuwawerenga yekha, n'kugwirizana ndi owombawo, katundu asananyamuke, kuti msonkho ukakwera mwadzidzidzi adzalipire ndani.

Pali chinthu chinanso chimene ogula ena amachita osachiona ngati kuba. Amaoda kapeti imodzi, n'kutumiza chithunzi chake ku fakitale ya dziko lina kuti awapangire 500 zofanana nayo pamtengo wotsika, kwinaku akugwiritsabe ntchito zithunzi za amayi a ku TY potsatsa malonda. Magulu ang'onoang'ono alibe ndalama zopitira kukhoti kunja. Pangano lolembedwa, ngakhale la tsamba limodzi, lonena kuti kalembedwe ka nsalu ndi ka yani, dzina la gulu lidzalembedwa pati, ndiponso ngati nkhope za owomba ziloledwa kuikidwa pa Instagram, limateteza mbali zonse ziwiri.

Ambiri mwa amayi odziwa kuwomba nsalu zapakhoma ku Lesotho anaphunzira ntchitoyi kalekale ndipo akukalamba. Atsikana ambiri amathamangira ku mafakitale a zovala a ku Thetsane mu Maseru ndi ku Maputsoe, kumene amasoka majini ndi matisheti opita ku America. Malipiro ake ndi ochepa, ntchito yake ndi yotopetsa, ndipo chiyambire nkhani ya misonkho ija ambiri achotsedwa. Komabe fakitale ikakhala yotsegula imalipira pakutha pa mwezi, pamene chowombera chimalipira mlendo akabwera. Kuti mtsikana aphunzire kusakaniza mitundu mpaka phiri lioneke ngati phiri pamafunika zaka zingapo ali pambali pa mayi wodziwa, ndipo gulu silingamusunge zaka zimenezo ndi ndalama ya basi imodzi ya alendo pa Disembala. Magulu amene akulandira ophunzira atsopano ndi omwe ali ndi hotela, shopu kapena wojambula amene amaitanitsa katundu mobwereza, n'kutumiza theka la ndalama ubweya usanagulidwe.